Kalata yotseguka kwa atsogoleri a Amalawi kuno ku Joni: musanamufufute m'kaundula, mufunseni chikumumwetsa n'chiyani

Kwa apampando ndi makomiti a magulu athu a maliro, abusa, mashehe, amayi otsogolera m'mipingo, ndi nonse amene mumatiyankhulira kwa akuluakulu kuno ku Johannesburg.

Ndagwada, makolo anga. Landirani moni wanga, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu, a kuno ndi a kumudzi omwe. Ntchito imene mumagwira ndikuidziwa, ndipo palibe amene amakulipirani. M'bale wathu akatisiya ku Hillbrow kapena ku Diepsloot, ndinu amene mumadzuka pakati pa usiku kuthamangira ku mochale, kusaka mapepala, kupemphetsa m'magulu a WhatsApp, mpaka thupi lidutse pa Beitbridge, pa Nyamapanda, ku Tete, likalowe pa Mwanza. Chipanda inu, bwenzi ambiri a ife tikuikidwa kuno ngati anthu opanda kwawo. Choncho musaimve ngati yonyoza. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Chandilembetsa ndi chigamulo chimene chinatuluka pa msonkhano wa gulu lathu masabata apitawa, chimene ndamva kuti magulu ena akufuna kutengera. Munagwirizana kuti membala wodziwika ndi uchidakwa akalumpha miyezi itatu osasonkha, azifufutidwa m'kaundula ndi kuchotsedwa pa WhatsApp osamuitana n'komwe. Munawonjezeranso kuti amene wadzipha, kapena wafera kumowa, gulu lisamakhudzidwe ndi maliro ake. Anthu anaomba m'manja. Ine sindinaombe, koma sindinayankhulenso, ndipo chete ameneyo wakhala akundidya mpaka lero.

Ndine wowotcherera zitsulo. Ndinafika kuno mu 2012, ndipo zaka zingapo za moyo wanga zinathera mu botolo. Chigamulo chanuchi chikadabwera nthawi imeneyo, dzina loyamba kufufutidwa likadakhala langa. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo, ndiye mverani chidakwa chakale.

Dandaulo langa loyamba n'lakuti mukuona botolo, koma simukufunsa chimene chamufikitsa munthu pa botolopo.

Anthu awiri atha kukhala tebulo limodzi, kumwa Black Label yemweyo, koma akumwera zosiyana. Mlangizi amene ankandithandiza ndiye anayamba kundiuza zimenezi, kenako ndinakaziwerenga ndekha. Mu 1994 katswiri wa zamaganizo wa ku America, M. Lynne Cooper, anagawa zifukwa zomwera mowa m'magulu anayi. Wina amamwa kuti chisangalalo chikule. Wina amamwa kuti macheza akome. Wina amamwa poopa kusalidwa, kuti anzake asamunene kuti akudzimva. Ndipo wina amamwa kuti atontholetse chimene chikumuwawa mumtima. Kafukufuku wake ndi wa ena obwera pambuyo pake anaonetsa kuti wa gulu lomalizali ndiye amagwa msanga m'mavuto. Uyu mowa sakuukonda ayi. Akuumwa ngati mankhwala.

Ine ndinali wa gulu lomalizalo. Mu April 2015, ziwawa zothamangitsa alendo zitayambira ku Durban n'kufika kuno ku Jeppestown, boma la kwathu linatumiza mabasi, anzanga ambiri n'kukwera. Ine ndinatsala, chifukwa ndinali ndisanamalize kubweza ngongole ya transipoti imene ndinabwerera. Zinthu zitazizira, mtima wanga sunazizire nawo. Munthu akagogoda chitseko cha oyandikana nawo, ndinkadzuka thukuta lili kamukamu. Galimoto ikaima panja, ndinkayamba kufufuza nsapato. Usiku wina mnzanga anandigulira botolo lalikulu lija la 750ml, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata angapo ndinagona osalota anthu a zikwanje. Mawa lake ndinakagula ndekha.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mowa umakongoza mtendere pa katapila. Ukalowa m'thupi umachedwetsa ubongo, mantha n'kugona kwa maola ochepa. Koma ubongo sulola kugonekedwa chomwecho tsiku ndi tsiku. Umakokera mbali inayo kuti ukhalebe tcheru, ndiye mowa ukatha m'magazi nkhawa imabwera yoposa ya dzulo. Tulo ta mowa timabwera msanga, koma pofika 3 koloko m'bandakucha maso ali gwa, mtima ukugunda ngati wathamanga. Thupi nalo limazolowera. Pamene limodzi linkakwana pamafunika awiri, kenako anayi, kenako lina la m'mawa lophera matsire kuti dzanja lileke kunjenjemera pogwira chowotcherera. Pamenepo munthu sakumwanso kuti asangalale. Akumwa kuti angokhala ngati anzake onse.

Munthu wotereyu mukamuimika pamaso pa gulu n'kumuwerengera machimo ake, mwamuwonjezera chinthu chomwecho chimene amachithawa. Atuluka ndi manyazi, ndipo iye amadziwa mankhwala amodzi okha a manyazi.

Manyazi ndiwo ndikufuna tiimepo pang'ono, chifukwa kuno ndiwo amamwetsa anthu kuposa mantha. Kumudzi amaona ngati ku Joni ndalama timatola pansi, ndipo ifeyo ndife tinawaphunzitsa, pojambulitsa titatsamira galimoto za abwana n'kuponya pa Facebook. Ndiye foni silekeza. Feteleza. Fizi. Malata. Mayi adwala. Namondwe Freddy atagwetsa nyumba mu March 2023, maso onse anayang'ana kuno. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November chaka chomwecho, mitengo kwathu inakwera, zopempha nazo n'kukwera, pamene mnyamata wa maganyu akugwira masiku awiri pa sabata, lendi ya kachipinda kogawa ndi katani ikumudikira.

Mnyamata amene munayamba kumufufuta uja ndimamudziwa. Dzina sinditchula. Anagulitsa munda wa mayi ake kuti apeze transipoti. Ntchito ya m'dimba inatha abwana atasamukira ku Cape Town, ndipo kwa miyezi ingapo sanatumize kalikonse pa Mukuru. Foni ikalira n'kuona kuti ndi kumudzi, amaitembenuza chafufumimba. Anandiuza yekha kuti akamwa m'pamene amalimba mtima kumvera mauthenga a mayi akewo, amalira, kenako n'kugona. Kubwerera sangathe, chifukwa kubwerera chimanjamanja munda utapita kale, kwa iye n'chimodzimodzi kufa. Matchona ambiri amene timawaseka aja anayamba chonchi. Sanaiwale kwawo. Akuopa kwawo.

Ndipo pomuchotsa pa WhatsApp, mwadula chingwe chomaliza chimene chinkamulumikiza ndi anthu oyankhula chiyankhulo chake asanaledzere.

Dandaulo lachiwiri: mukutiuza kuti tichoke ku thaveni, koma simukutiuza kopita. Munthu wagwira ntchito Lolemba mpaka Loweruka, mkazi ndi ana ali ku Mangochi kapena ku Mzimba, chipinda akugona anthu asanu, kapena ali mu mkhukhu wa malata umene masana umatentha ngati uvuni. Lamulungu mapemphero akatha 1 koloko, apite kuti? Ku shabini kuli mpando, kuli mpira pa TV, kuli nyimbo za kwathu. Ndiko kumamveka za ganyu ya mawa, za transipota amene akunyamuka Lachisanu, za chipinda chimene chatsala. Wosamwa amaphonya zonsezi. Mnyamata wongofika kumene, amene kwawo sanalawepo ngakhale masese, amalandira botolo loyamba chifukwa womupatsayo ndi yemweyo akumusunga.

Izi sizinayambe ndi ife. Agogo athu amene ankabwera pa Wenela ndi pa Theba ankatsekeredwa m'makomboni a migodi opanda mabanja awo, ndipo chisangalalo chimene ankaikiridwa pafupi chinali mowa. Makhonsolo a nthawi ya tsankho ankagulitsa okha mowa kwa anthu akuda, phindu lake n'kumayendetsera malokeshoni. N'chifukwa chake mu 1976 ana a sukulu a ku Soweto anatentha nyumba zomwera mowa ndi mabotolo sitolo, ataona kuti malipiro a abambo awo akuthera kumeneko. Mzinda uno unamangidwa ndi amuna osungulumwa, ndipo unazolowera kuwatonthoza ndi chakumwa. Ife tangolowa m'nsapato za agogo athu.

Musandimve molakwa, sindikuikira kumbuyo mowa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 mowa unapha anthu 2.6 miliyoni, ndipo 2 miliyoni mwa iwo anali amuna. Kuno tinadzionera tokha pa 1 January 2021, boma litaletsa kugulitsa mowa chifukwa cha Covid-19: chipinda cholandirira ovulala pa chipatala cha Chris Hani Baragwanath chinali mbee, zimene akuluakulu a chipatalacho anati zinali zisanachitikepo pa tsiku la chaka chatsopano. Ndaona anthu akulumpha ma ARV ndi mankhwala a TB chifukwa cha matsire. Mowa ndi mdani, ndikuvomereza. Funso langa ndi lakuti tikumenya mdaniyo kapena tikumenya wogwidwa ndi mdaniyo.

Dandaulo lachitatu ndi la inu abusa ndi mashehe, ndipo ndilinena mofatsa chifukwa ine ndemwe pemphero linandithandiza. Mawu oti "ingosiya lero lomwe, usale kudya masiku atatu" atha kupha munthu. Amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi, ubongo umene unazolowera kukokera mbali ina uja umatsala ukukoka wokha. M'maola 6 mpaka 24 amayamba kunjenjemera, thukuta, kusanza. M'masiku awiri oyamba atha kugwa ngati wa khunyu. Pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi ena amasokonezeka mutu, n'kumaona zinthu zoti palibe, ndipo apa anthu amafa ngati safika ku chipatala.

Ndinaziona ndi maso angawa. Dziko litatsekedwa pa 27 March 2020 mowa n'kusowa, bambo wina womanga nyumba amene tinkakhala naye mdadada umodzi ku Yeoville anayamba kukuwa kuti pakhoma pakuyenda njoka. Tinati walodzedwa ndi a kwawo. Ena anati ndi ziwanda. Tinamumanga manja ndi chitenje n'kuyamba kuimba. Mayi wina wa ku Zimbabwe wogwira ntchito ya unamwino, atamva phokoso, anangofunsa funso limodzi: wamaliza liti kumwa? Anatikalipira, n'kuitana ambulansi. Ku chipatala anamupatsa mankhwala okhazika ubongo pansi ndi vitamini B1, ndipo lero ali moyo, akumanga nyumba za anthu. Tikadapitiriza kuimba mpaka m'mawa, bwenzi inu apampando mukusonkhetsa za bokosi.

Pali ena amene sitiwatchula n'komwe. Abale athu achisilamu a ku Mayfair ndi ku Fordsburg amene agwa mu mowa amamwera kutali, mobisa, ndipo katundu wawo ndi wowirikiza chifukwa alibe womuuza. Alongo athu ogwira ntchito m'nyumba za anthu, amene amakhala okha m'kachipinda ka kuseri mwezi wathunthu akulera ana a eni pamene awo akukula pa foni, ena amagona ndi kabokosi ka vinyo pansi pa bedi. Mwamuna akaledzera timati ndi chidakwa, mkazi akaledzera timamupatsa dzina lina limene sindingalembe pano, ndiye amabisa mpaka ali ndi pakati, mwana n'kubadwa ndi vuto la ubongo la moyo wake wonse. Komanso akazi a zidakwa. Mayi akabwera ndi diso lotupa mumamuuza kuti banja ndi kupirira. Kumvetsa chimene chikumumwetsa mwamuna sikutanthauza kuti mkazi azimenyedwa podikira kuti achire. Mowa sumenya munthu, amamenya ndi mwini dzanja, ndipo ayenera kuyankha.

Tsono za odzipha. Apa ndiye chigamulo chanu chandipweteka kwambiri. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, ndiye amene mtima wake wadwala sanena kuti ndikuvutika maganizo. Amangoti tiyeni tikamwe. Matenda a kukhumudwa ndi mowa zimayenda limodzi, chimodzi chikudyetsa chinzake, ndipo mowa umamasula buleki imene ikadamugwira munthu pa usiku woipa uja. Kwathu tinakulanso tikudziwa kuti woyesa kudzipha amatengeredwa ku polisi, choncho anthu amabisa. Kuno ku South Africa si mlandu, ndi nkhani ya chipatala, koma ndi angati mwa anthu athu amene anauzidwapo zimenezi? Mukakana maliro a munthu wotere, iye sakumvanso kanthu. Amene mwamulanga ndi mayi wokalamba ku Ntcheu amene sadzaona manda a mwana wake.

Ndinenenso ichi mwaulemu. Pa chikondwerero cha 6 July, pa zinkhoswe, ngakhale pobwera kokaperekeza thupi, mabokosi oziziritsira mowa amatsika m'galimoto za ena mwa ife amene timakhala kutsogolo. Tatengera mwambo wa kuno umene amautcha after tears. Amene ali ndi ndalama akamwa timati akupumula, wa maganyu akamwa timati ndi chidakwa. Anyamata amaona zimenezi.

Thandizo kuno lilipo, vuto ndi mlatho wofikira kumeneko. Bungwe la SANCA lakhala likuthandiza anthu a vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo kuyambira 1956, ndipo lili ndi nthambi kuno ku Johannesburg. Magulu a Alcoholics Anonymous, a anthu othandizana okhaokha kusiya mowa, amakumana m'madera ambiri a mzinda uno, salipiritsa, safunsa pasipoti, amangofuna kuti munthu akhale ndi mtima wofuna kusiya. Pali nambala yaulere ya 0800 12 13 14 ya anthu a vuto limeneli. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi cha chipatala. Koma mnyamata wa ku Machinga amene masiku a mu pasipoti yake anatha kalekale, amene akaona yunifolomu amaganiza za Lindela, malo otsekerako alendo odikira kubwezedwa kwawo, amene amamva kuti pa zipata za makiliniki ena alendo akubwezedwa, sangapite yekha. Ndipo ngakhale atapita, zowawa za mumtima sizituluka bwino m'Chingerezi kapena m'Chizulu chophunzirira pa ntchito. Ine ndinachita mwayi kuti abwana anga panthawiyo anandigwira dzanja n'kukandisiya pakhomo pa mlangizi m'malo mondichotsa ntchito. Munthu wa mtundu wina anandichitira zimene abale anga sanaziganize.

Choncho, makolo anga, ndikupempha izi:

1. Chigamulo chija muchiimitse. Membala asanafufutidwe, anthu awiri apite kukamuona kumene akukhala, m'mawa, asanamwe, ndipo funso loyamba lisakhale la ndalama. Ngongole yake aloledwe kubweza pang'onopang'ono, makamaka tsiku lomwe walandira, ndalama isanadutse pa thaveni.

2. Maliro a wodzipha ndi a wofera kumowa ayendetsedwe ngati maliro ena onse.

3. Mpingo umodzi ndi mzikiti umodzi m'dera lililonse kumene tili ambiri zipereke chipinda kwa ola limodzi pa sabata, kuti ofuna kusiya mowa azikumana m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka. Pasakhale ulaliki, pasakhale chopereka, pasakhale wojambula, ndipo zonenedwa mmenemo zisadzamveke pa guwa ngati umboni mwini wake asanafune. Amayi akhale ndi nthawi yawoyawo. Ine ndadzipereka kutsegula chitseko ndi kuyala mipando ku Yeoville.

4. Muitane alangizi kapena anamwino odziwa za mowa adzaphunzitse anthu awiri pa gulu lililonse. WHO inakonza mafunso 10 otchedwa AUDIT othandiza kudziwa ngati kamwedwe ka munthu kafika poopsa, ndipo safuna digiri kuti uwafunse. Anthu awiriwo ndiwo aziperekeza wodwala ku kiliniki ndi kumumasulira. Nambala yaulere ija muikhome pamwamba pa gulu lililonse la WhatsApp.

5. Abusa ndi mashehe, wakumwa tsiku ndi tsiku akabwera kuti akufuna kusiya, muyambe mwamutumiza ku chipatala. Pemphero limutsatire komweko.

6. Nkhani za maganyu, za zipinda ndi za matransipota ziziponyedwa pa gulu, kuti wosamwa asamaphonye. Ndipo Lamulungu masana pakhale kopita: bawo, mpira, nsima ya pamodzi. Bawo limodzi silifika mtengo wa kireti ya mowa.

7. Pa R100 iliyonse imene timasonkha, R5 ipatulidwe ikhale ya amoyo: thekisi yopitira ku kiliniki, kapena pogona pa masiku awiri pa mayi amene wathawa nkhonya usiku. Timapeza ndalama zambirimbiri zotumizira thupi kumudzi, sitingalephere ya thekisi yoti thupilo lisakhalepo.

8. Inu amene mumakumana ndi akuluakulu a boma la kwathu, mukapemphe kuti wobwerera kumudzi ali ndi vuto la mowa, kaya wabwerera yekha kaya wathamangitsidwa, azipatsidwa kalata yomulozera kumene kuli thandizo, monga ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kapena ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Ndipo mukapita kumudzi pa Khirisimasi, kawauzeni makolo zoona za kuno, kuti mwana akangoti zii si kuti wakwatira Mzulu n'kuwaiwala.

Inu owerenga amene simuli m'komiti, kalatayi muitumize kwa apampando anu, ndipo ngati muli ndi mnzanu amene foni yake amaitembenuza chafufumimba, mupite mukamuone sabata ino.

Mnyamata uja ndamulipirira miyezi itatu ija, lisiti ili ndi msungichuma. Lero wakwanitsa masiku 11 osamwa, anayambira ku kiliniki, ndipo dzulo anaimbira mayi ake ali bwinobwino. Ndamupempha kuti pa msonkhano wa mwezi wa mawa tidzabwere limodzi. Sanavomere, koma sanakanenso. Akabwera, chonde mudzamupatse mpando.

Ndine mwana wanu,
wowotcherera zitsulo wa ku Yeoville